Zakale Zili pa Hora, Labotale Ili Kutsidya kwa Nyanja

[NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

MUULUTSI: Takulandirani ku pulogalamu yathu ya maphunziro kuchokera muno mu Mzuzu. Kunja kwazizira monga mwa masiku onse, ndiye sendezani mbaula pafupi, koma zenera limodzi likhale lotsegula.

Lero tikambirana za ntchito yofukula zakale, imene m'kalasi amaitchula kuti archaeology. Tiona chimene chimachititsa wophunzira wa ntchito imeneyi kulakalaka intenishipu ya kunja kwa dziko, ndi zimene zinachitika mliri wa Covid-19 utatseka njira. Ndikudziwa kuti pali kholo lina lapukusa kale mutu. Likuti, ndigulitse fodya ndi ng'ombe, mwana akhale zaka 4 ku yunivesite, mapeto ake azikakumba mafupa a anthu akufa? Si za ufiti zimenezo? Bambo, mayi, musatseke wailesi. Ndiloleni ndiyambe ndakutengerani ku Hora.

Phiri la Hora lili m'boma la Mzimba, m'chigwa cha mtsinje wa Kasitu. Kuchokera muno ndi ulendo woti mupita m'mawa, madzulo mwabwerako. Ambiri timalidziwa chifukwa cha Umthetho, pamene Angoni amasonkhana m'tsinde mwake mu Ogasiti, Inkosi ya Makhosi M'mbelwa ali pomwepo. Achikulire amakumbukiranso nkhani ya Baza Dokowe ndi Atumbuka amene anathawira pamwamba pa phirili pa nkhondo yawo ndi Angoni. Koma kunsi kwa thanthwe lalikulu la pamenepo kuli mbiri imene Angoni sanaione, Atumbuka sanaione, ngakhale makolo a Amaravi sanaione.

Mu 1950 panafika J. Desmond Clark, amene nthawi imeneyo ankayang'anira nyumba yosungira zakale ya ku Livingstone, m'dziko limene lero ndi Zambia. Atakumba anapeza mafupa a anthu awiri. Mafupawo anapita ku University of Cape Town. Mfundo imeneyi muisunge, tiibwereranso. Kuyambira mu 2016 gulu lotsogozedwa ndi Dr Jessica Thompson, amene tsopano ali ku Yale University ku America, linayambanso kukumba pa malo omwewo, mogwirizana ndi nthambi yathu ya boma ya Museums and Monuments ndiponso anthu a m'midzi yozungulira phirilo. Pamodzi nawo pankabwera ophunzira a ku mayunivesite akutali. Kwa iwowo, intenishipu ya kunja inali Hora yathu yomweyi. Ankasunga ndalama, kubayitsa katemera, kumwa mankhwala oteteza malungo, kuti adzagwade pa fumbi limene ife timalidutsa pa njinga tikupita kuchigayo.

Nanga pa fumbipo amachita chiyani? Amene akuganiza za khasu ndi piki waphonya. Malo amayamba ayezedwa, n'kumangidwa zingwe m'timabwalo ta mita imodzi mbali zonse. Wophunzira amagwada m'kabwalo kake ndi kachitsulo konga kamene omanga nyumba amapakira matope, burashi ndi kandowa. Amapala dothi pang'onopang'ono, ngati mayi wopala nkhoko m'mphika wobwereka. Akaona kamwala kosemedwa, khala, fupa kapena mkanda, sachotsa msanga. Choyamba makina oyezera malo, onga aja mumawaona ndi opanga misewu, amalemba pamene kanthuko kali ndi kuya kwake. Kenako kalowe m'kathumba kokhala ndi nambala yake. Dothi lonse lotuluka m'dzenjemo limasefedwa, ndipo zotsala pa sefa anthu amakhala pansi n'kumazisankha ngati akusankha mpunga. Mumatuluka timikanda topangidwa ndi zigoba za nkhono, tating'ono kuposa njere ya mphodza. Akuluakulu aja anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa Hora mwambiwu umachita kuoneka ndi maso.

Kusamala konseku kuli ndi chifukwa. Dothi la m'phanga limaunjikana m'magawo, la pansi ndiye lakale, la pamwamba ndiye latsopano. Ukakumba waononga, sungabwezeretse. Mkanda wotoledwa popanda kulemba pamene unali wasanduka mkanda wamba, sunenanso kanthu.

Zonsezi mwana wa ku Chiputula angathe kuziphunzira osakwera ndege. Vuto limayamba thumba lija likatsekedwa. Khala lija ukufuna kudziwa kuti motowo unayaka liti. Chamoyo chilichonse, mtengo kaya munthu, chimakhala ndi mtundu wina wa kaboni wotchedwa carbon-14. Chikafa, kaboniyo amayamba kutha, ndipo pa zaka 5,730 zilizonse amatsala theka. Ukayeza wotsalayo udziwa zaka zimene zapita, mpaka kufika pa zaka pafupifupi 50,000. Makina oyezera zimenezi ndi a ndalama zosasimbika. Amene ali pafupi nafe odziwika bwino ali ku iThemba LABS ku Johannesburg, ndipo anatsegulidwa mu 2014. Zinthu zakale kuposa pamenepo, monga miyala yosemedwa ya ku Karonga, amayeza mchenga umene unaikwirira, kuti adziwe tsiku lomaliza limene mchengawo unaona dzuwa. Amautapa m'mapaipi osalowa kuwala, ndipo nawonso umakwera ndege. Za DNA ndiye osanena. Kafupa kolimba ka m'kati mwa khutu kamapita ku malabotale monga a ku Harvard, ku Boston, kumene munthu salowa osavala chovala chophimba thupi lonse, magolovesi ndi masiki, kuopa kuti mpweya wake ungasakanikirane ndi DNA ya munthu wa kalekale. Anthu amenewo anayamba kuvala masiki ife tisanalote n'komwe.

Mwaona tsono. Wophunzira wathu safuna kupita kunja chifukwa choti kwathu kulibe zakale. Zakale zili pakhomo. Chimene amatsata ndi makina, mabuku ndi aphunzitsi odziwa kuwerenga zimene dothi lathu latulutsa.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tili pa nkhani ya ophunzira ofukula zakale ndi mliri wa Covid-19.

Tiyeni tiyerekeze mtsikana wa muno mu Mzuzu. Dzina sitimupatsa, popeza ndi chitsanzo chabe. Akuphunzira mbiri yakale pa yunivesite, ndipo kumayambiriro kwa 2020 walandira kalata yomuitana kukaphunzira ntchito mu labotale ya kunja kwa miyezi itatu. Waima pa mzere ku ofesi ya pasipoti, amalume atumiza kangachepe kuchokera ku Joni, kutchalitchi amupempherera. Chikwama chagulidwa kale mumsika waukulu.

Pa 20 Malichi 2020, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Pa 23 Malichi sukulu zonse zinatsekedwa, kuyambira mkaka mpaka yunivesite. Pa 1 Epulo ndege zonyamula anthu zinaleka kutera. Mawa lake, pa 2 Epulo, boma linalengeza anthu atatu oyamba kupezeka ndi kachilomboka, ku Lilongwe. M'masiku osakwana 14, kalata ya mtsikana wathu inasanduka pepala loyatsira mbaula.

Enanu mukukumbukira zimene zinatsatira muno mumzinda. Boma linati pakhale m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo. Mavenda a mu Mzuzu anatuluka mumsika n'kulowa mumsewu, kunena kuti njala iwapha kachilombo kasanawapeze. Pa 17 Epulo Bwalo Lalikulu la milandu linaimitsa m'bindikirowo. Choncho ife tinapitiriza kugula tomato ndi usipa, koma njira ya kunja inakhalabe yotseka mpaka pa 1 Seputembala pamene ndege zinayambiranso.

Apa pali kanthu kamene anthu ambiri sakadziwa. Ntchito yofukula ili ndi nyengo yake ngati ulimi. Kuno kwathu amakumba m'chilimwe, makamaka Juni mpaka Ogasiti, mvula itatha, ndipo nthawi yomweyo ndi imene mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America amakhala pa tchuthi. Ukaphonya miyezi imeneyo waphonya chaka. Ndipo wophunzira alibe zaka zambiri zoti ataye. Amene anali m'chaka chachitatu mu 2020 anatha kumaliza digiri yake osagwirako sefa. Taganizani namwino womaliza maphunziro asanalowepo m'wodi.

Musaiwalenso anthu a m'midzi. Gulu lofukula likabwera limalemba ntchito osefa dothi, otunga madzi, ophika, alonda ndi oyendetsa galimoto, limagula nkhuku ndi ndiwo zamasamba. Ena mwa anthu amenewa agwira ntchitoyi zaka zambiri, moti diso lawo limasiyanitsa mwala wosemedwa ndi mwala wamba mofulumira kuposa mwana wa digiri. Ndege ikaleka kutera ku Lumbadzi, mphika wina kumudzi umaleka kuwira.

Tinene kuti mtsikana wathu sanagwe ulesi, ndipo amuitananso mu 2021. Chakacho chinayamba moipa. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi matendawa. Katemera woyamba, wa AstraZeneca wokwana 360,000, anafika pa 5 Malichi. Kuti akwere ndege, mtsikanayu afunika chikalata cha PCR chosonyeza kuti alibe kachilombo, ndipo mayiko ambiri ankafuna chosapitirira maola 72. Werengani nane. Akayezetsa muno, adikire zotsatira, akwere basi kudutsa Chikangawa, Jenda, Kasungu mpaka ku bwalo la ndege la Kamuzu, kenako akadikire ndege ina ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Basi ikangofera m'nkhalango ya Chikangawa, maola aja atha, ndalama zapita. Akafika kumene akupitako, mwina amutsekera m'chipinda masiku 10 kapena 14, yekhayekha, chakudya chikumupeza pakhomo ngati wodwala khate wa m'nthawi za m'Baibulo. Pa miyezi itatu ija, theka la mwezi latha akuyang'ana pazenera.

Kumapeto kwa Novembala 2021 kunadza china. Akatswiri a ku Botswana ndi ku South Africa atazindikira mtundu watsopano wa kachilomboka, Omicron, n'kuuza dziko lonse mosabisa, malipiro ake anali kutsekeredwa zitseko. Britain inaika Malawi pa mndandanda wa mayiko oletsedwa. America inaletsa apaulendo ochokera m'mayiko 8 a kuno kummwera, Malawi ali momwemo, kuyambira pa 29 Novembala mpaka pa 31 Disembala. Ine mpaka lero ndimaona kuti pamenepa panalibe chilungamo. Wonena kuti nyumba ikupsa ndi amene anakwapulidwa.

Komabe sindinganame kuti mliri unangoononga zokhazokha. Msonkhano waukulu wa Society of Africanist Archaeologists, umene unayenera kuchitikira ku Oxford mu 2020, unachitika pa intaneti mu 2021. Wophunzira amene sakanapeza viza kapena tikiti anatha kumvetsera akuluakulu a ntchitoyi ali pa mkeka ku Katawa, bola bandulo ikhalepo ndipo magetsi asazime. Zinathandiza ndithu. Koma kulemera kwa mwala wosemedwa sungakumve pa Zoom, ndipo kusiyana kwa dothi la phulusa ndi dothi la chiswe kumadziwika ndi zala.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

MUULUTSI: Pamene ndege zinali pansi, matumba amene anapita kale kunja ankagwiridwa ntchito. Ndipo m'kati mwa mliri momwemo munatuluka nkhani ziwiri zimene zinamveketsa chigawo chathu chino pa dziko lonse.

Yoyamba inatuluka mu Meyi 2021 m'magazini ya sayansi ya Science Advances. Akatswiri anayerekeza miyala yosemedwa ya ku Karonga ndi matope amene anaboola pansi pa Nyanja ya Malawi mu 2005. M'matopemo muli mungu wa mitengo ndi makala a moto wa zaka zikwizikwi. Anapeza kuti zaka pafupifupi 85,000 zapitazo nyanja inadzadzanso, mvula inabwerera, koma nkhalango yowirira sinabwerere monga inkachitira kale, ndipo makala anachuluka. Iwo akuti anthu ndiwo ankatentha tchire. Ndiye mukamaona lupsa m'mapiri mu Seputembala, dziwani kuti khalidweli ndi lakale kwambiri, ngakhale sindikuti ndi labwino.

Yachiwiri inatuluka mu Febuluwale 2022 m'magazini ya Nature. Mwa anthu akale amene DNA yawo inawerengedwa munali makanda awiri a pa Hora, wina wa zaka pafupifupi 14,000 zapitazo, wina pafupifupi 16,000. Imeneyi ili m'gulu la DNA ya anthu yakale kwambiri imene yapezekapo mu Africa kummwera kwa Sahara, ndipo n'zodabwitsa chifukwa DNA imaonongeka msanga kumalo otentha. Inasonyeza kuti makolo a ana amenewa anali osakanikirana, magazi a kummawa, a kummwera ndi a pakati pa Africa, kutanthauza kuti anthu ankayenda mitunda italiitali n'kumakwatirana. Kafukufuku wina wa mu 2017, amene anagwiritsa ntchito mafupa aja a ku Cape Town pamodzi ndi a ku Fingira pa Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza, sanapeze magazi a alenje akalewa mwa Amalawi a lero amene anayezedwa. Agogo ankatisimbira za Akafula, anthu aafupi amene makolo athu anawapeza m'dziko muno. Nthano ija ndi labotale zayamba kuyankhulana. Ndipo Hora sinathe kuyankhula: mu Januwale 2026 akatswiri analengeza kuti pamalo pomwepo, zaka pafupifupi 9,500 zapitazo, anthu anasonkha nkhuni zambiri n'kutentha mtembo wa mayi wina, umboni wakale kwambiri wa mwambo wotere mu Africa muno.

Pa zolemba zimenezi pali mayina a Amalawi, monga Dr Potiphar Kaliba a ku Museums and Monuments. Zimenezi n'zonyaditsa, ndipo alendowa tisawanyoze. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma funso langa ndi ili: kalumoko tidzabwereka mpaka liti? Mafupa a mu 1950 anapita ku Cape Town chifukwa kuno kunalibe wowayeza. Patatha zaka 70, mliri unatipeza tikudalirabe ndege kuti tidziwe zaka za khala la pa Hora. Ndipo taonani chodabwitsa. Njira ya PCR imene inkatiyeza Covid ndi yochulukitsa tizidutswa ta chibadwa kuti tioneke, ndipo owerenga DNA yakale amaigwiritsanso ntchito. Mliri utatipanikiza, achinyamata athu a m'malabotale a zipatala anaigwira ntchitoyo bwinobwino. Ndiye nzeru zilipo. Chosowa ndi chipinda, makina ndi boma kapena yunivesite yoti inene kuti zakale nazonso n'zofunika ndalama.

Kupita kunja si kwachilendo pa ntchito imeneyi. Dr Gadi Mgomezulu ndi Dr Yusuf Juwayeyi anakaphunzira ku Berkeley ku California, kumene Clark yemwe uja ankaphunzitsa, ndipo anabwerera kudzakumba kwawo. A Juwayeyi ndi amene anafukula Mankhamba, likulu la Amaravi kufupi ndi Mtakataka, ndipo buku lawo la zimenezi linatuluka mu 2020, chaka cha mliri chomwecho. Dr Elizabeth Gomani anakaphunzira ku Texas za mafupa a zinyama zakalekale, ndipo mu 2005 anatcha dzina dinosaur ya ku Karonga, Karongasaurus. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Chachikulu n'chakuti onsewa anapita akudziwa funso la kwawo limene ankafuna kukaliyankha.

Ndiye iwe mng'ono wanga, iwe mchemwali wanga amene uli pa Mzuni kapena ku sekondale ndipo nkhaniyi yakukoka mtima, tamvera. Usayambe ndi pasipoti. Yamba ndi nyumba yosungira zakale ya muno mu Mzuzu. Pa tchuthi kwera basi ya ku Karonga ukaone Cultural and Museum Centre, imene inatsegulidwa mu 2004. Ukaona Malawisaurus ndi nkhani ya chibwano cha ku Uraha chimene chinapezeka mu 1991, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Lembera kalata ku Museums and Monuments, ufunse ngati pali gulu lokumba chaka chino ndiponso ngati lingatenge wophunzira. Gulu lililonse lofukula limayenera kutenga chilolezo kumeneko, ndiye iwo amadziwa amene akubwera. Amene wagwadapo m'dzenje miyezi iwiri, kalata yake yopempha malo kunja imalemera.

Kunjanso sikutanthauza ku London kokha. Ku Nairobi kuli British Institute in Eastern Africa, imene imatenga omaliza digiri kuti aphunzire ntchito. Kumpoto kwa Kenya kuli sukulu za kutchire za Koobi Fora ndi Turkana Basin Institute. Ku Johannesburg kuli bungwe la PAST limene limathandiza ophunzira a mu Africa, ndipo Leakey Foundation ili ndi thandizo la Baldwin kuyambira mu 1978. Ukapeza malo, funsa mafunso amene a mu 2020 anawaphunzira ndi misozi. Ulendo ukalephereka, ndalama ya tikiti abweza ndani? Ndikadwala kumeneko, inshuwalansi ikulipira chipatala? Malire akatsekedwa ndili komweko, ndigona kuti, viza ikatha nditani? Mayankho ake akhale olembedwa. Ndipo pempha kuti akuphunzitse luso limodzi loti ubwere nalo m'manja, kaya kuzindikira mafupa a nyama, kaya kujambula mapu pa kompyuta, kaya kukonza makala oti akayezedwe. Zithunzi za pa Facebook uli pa chipale chofewa sizidzatithandiza pa Hora.

Nthawi yatithera. Mawu omaliza apite kwa inu alimi, oumba njerwa ndi okumba zimbudzi, pakuti zakale zambiri amayamba kuziona ndinu. Mukapeza mapale a mbiya okhala ndi zojambula, zotsala za ng'anjo, mikanda kapena mafupa akale, lekani kukumba. Musatsuke, musagulitse, musapite nazo kwa sing'anga. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zimenezi. Phimbani malowo, uzani amfumu, kenako kadziwitseni a ku nyumba yosungira zakale muno mu Mzuzu. Mukamapita, mutenge mwana wanu wa sukulu uja akaone nawo.

Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.

[NYIMBO YOTSEKERA]